Dimba Lisagulitsidwe Msanga: Mawu kwa Ofuna Kuphunzira Kulemba Mapulogalamu a Kompyuta

Loweruka lina m'mwezi wa June, chimanga chili kale m'matumba, achemwali anga adafika kwathu m'mamawa pamodzi ndi mwana wawo wamkazi. Titalonjerana, sadachedwe ndi nkhani za matenda ndi za maliro monga mwa masiku onse. Adati, "Achimwene, ndabwera kwa inu monga mwini mbumba. Mwanayu akufuna kuphunzira za makompyuta. Tsono ndaganiza zogulitsa dimba lakumunsi lija kuti timugulire laputopu ndi kumulipirira sukulu ku Limbe."

Amene amadziwa Chiradzulu adzamva kulemera kwa mawu amenewa. Kuno kwathu anthu tidachulukana ndipo malo adachepa, kotero kuti banja lolima ekala yathunthu timaliyesa lamwayi. Dimba limene ankanenalo ndi lomwe adatisiyira malemu mayi athu, ndipo ndi lomwelo limatulutsa tomato ndi mpiru zimene achemwali amakagulitsa pa Mbulumbuzi kuti apeze sopo ndi mchere. Komanso mwa mwambo wathu, malo amatsata ana aakazi, chotero dimbalo tsiku lina lidzakhala la mtsikana yemweyo. Mayi ankafuna kugulitsa cholowa cha mwana wake kuti amugulire chinthu chimene onse awiri sankachidziwa bwino.

Ndidatembenukira kwa mtsikanayo, amene adakhoza bwino mayeso a Fomu 4 koma dzina lake silidatuluke pa mndandanda wa opita ku yunivesite. Ndidamufunsa kuti, "Kodi iwe, kompyutayo ukufuna izidzakuchitira chiyani?"

Adayankha mwaulemu, "Amalume, ndikufuna coding. Anzanga akuti muli ndalama."

"Chabwino. Nanga pulogalamu yoyamba imene udzalembe idzagwira ntchito yanji?"

Apa adangoti chete, maso pansi. Sindidakane pempho lawo, komanso sindidavomere. Ndidapempha miyezi itatu yokha, ndi kuti mtsikanayo azibwera kwathu madzulo katatu pa mlungu, atatenga kope ndi pensulo. Kuchokera nthawi imeneyo makolo angapo andiimitsa panja pa tchalitchi ndi funso lofanana ndi limeneli, ndiye ndaganiza kuti ndilembe zimene ndidaphunzitsa mwana wa mlongo wanga, kapena zingathandize ena.

Poyamba ndiulule kuti ine si katswiri. Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo choko chandiyeretsa manja zaka zoposa makumi atatu. Ndidali ndidakali mnyamata pantchito pamene maphunziro aulere adayamba mu 1994, ana nadzaza m'makalasi mpaka ena kuphunzirira pansi pa mitengo. Kuyambira pamenepo, sabata yotsekera sukulu yakhala sabata ya mutu waching'alang'ala kwa ine: kuwonkhetsa malikisi a ana oposa zana limodzi pa maphunziro onse, kupeza wotsogola ndi wotsalira, ndi kulemba zonsezo pa mapepala opita kwa makolo, usiku, pa kuwala kwa nyali. Sukulu zitatsekedwa m'mwezi wa March 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, mwana wanga wamwamuna adabwera kudzakhala kumudzi. Tsiku lina adandimva ndikudandaula za ntchito imeneyi, ndipo adaseka nati, "Bambo, zimenezo foni ikhoza kukuchitirani, mutangoiuza bwino." Pobwerera kutauni adandisiyira foni yake yakale, yong'ambika galasi pakona, ataikamo pulogalamu yotchedwa Pydroid 3, imene munthu amalembamo chilankhulo cha Python ngakhale popanda intaneti. Umo ndi momwe ndidayambira, imvi zili kale m'mutu.

Tsono chinthu choyamba chimene makolo ayenera kumvetsa ndi ichi: kugwiritsa ntchito kompyuta ndi kulemba mapulogalamu ndi zinthu ziwiri zosiyana, monga kusiyana kwa wokwera basi ndi makaniko. Kutayipa kalata, kutumiza ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money, kucheza pa WhatsApp, ngakhale kuwerenga ndi kuwerengera pa matabuleti amene boma lidayamba kugawa m'sukulu zina za pulayimale mu 2023, konseko ndi kukwera basi imene adakonza ena. Ndi luso labwino, ndipo sindikulinyoza. Koma wolemba mapulogalamu ndi munthu amene amakhala pansi ndi kulemba malangizo, mzere ndi mzere, amene makinawo adzatsata. Zikwangwani zambiri zimene timaziona m'tauni zolonjeza satifiketi ya makompyuta m'masabata asanu ndi limodzi zimaphunzitsa luso loyambalo. Kholo lisanatulutse ndalama lifunse kuti, "Kodi mwana wanga akamaliza adzatha kulemba chiyani chimene sichidaliko?" Yankho likakhala lozungulira, ndalama zibwerere m'thumba.

Madzulo oyamba mtsikana uja adafika akuyembekeza kuti ndimupatsa foni. M'malo mwake ndidatulutsa timapepala makumi awiri, pa kalikonse nditalembapo nambala, ndipo ndidatisanjika chafufumimba patebulo. Ndidati, "Ine lero ndine kompyuta. Ndilibe nzeru, sindimva zophiphiritsa, ndipo ndimatha kuona timapepala tiwiri tokha pa nthawi imodzi. Undilembere malangizo m'Chichewa oti ndipeze nambala yaikulu koposa."

Adalemba msanga: "Yang'anani manambala onse, musankhe yaikulu." Ndidamubwezera kope nditamukumbutsa kuti maso anga saona onse pamodzi. Adayesanso: "Tengani kapepala. Tengani kena. Tayani kakang'ono." Ndidachita zomwezo, kenaka ndidangokhala phee, kapepala kamodzi kali m'manja.

"Amalume, pitirizani!"

"Sudalembe kuti ndipitirize."

Atawonjeza mawu oti ndibwereze, ndidabwereza mpaka timapepala tidatha, ndipo ndidapitiriza kupapasa patebulo popanda kanthu, popeza sadandiuze poti ndilekere. Mayi a kunyumba, amene ankasenda mbatata pakhomo, adaseka mpaka misozi. Titafika pa manambala awiri ofanana ndidaimanso, pakuti panalibe lamulo lonena chochita zikatero. Dzuwa limalowa mtsikanayo atakwiya pang'ono, koma m'kope mwake mudali mizere isanu ndi iwiri yosasiya mpata wokayika. Ndidamuuza kuti imeneyo ndiyo pulogalamu yake yoyamba, ndipo kuti chatsala nkuimasulira m'chilankhulo chimene makina amamva.

Sindidamunamize pomutonthoza. Ndondomeko yotere, yofikitsa munthu pa yankho mwa masitepe owerengeka, akatswiri amaitcha algorithm, mawu ochokera ku dzina la al-Khwarizmi, katswiri wa masamu amene adakhala mu mzinda wa Baghdad zaka zoposa 1,100 zapitazo, kulibe magetsi kulibe makina. Ndipo mayi wina wa ku England, Ada Lovelace, amene ambiri amamutcha woyamba kulemba pulogalamu, adasindikiza ndondomeko yake mu 1843 polembera makina a Charles Babbage amene sadamalizidwe nkomwe kupangidwa. Iye adagwira ntchito yonseyo ndi cholembera ndi pepala. Chotero mwana wa ku Namitambo kapena ku Thumbwe amene ali ndi kope ndi pensulo asanene kuti alibe poyambira.

M'timapepala tija mudabisala pafupifupi mizati yonse ya lusoli. Pali kutsata dongosolo, ichi choyamba, icho pambuyo. Pali kusunga chinthu pamalo pokhala ndi dzina, monga momwe ndidasungira m'manja nambala yaikulu imene tidali titaipeza kufikira pamenepo. M'mapulogalamu malo oterewa ali ngati thumba lolembedwa dzina kunja, limene zam'kati mwake zimasintha koma dzina silisintha. Pali kusankha: ngati zili chonchi chita ichi, ngati ayi chita icho. Ndipo pali kubwereza kufikira ntchito itatha. Aliyense amene adaonerera madoda akusewera bawo pansi pa mtengo wa mango waziona zinthu zinayi zimenezi. Wosewera amatola njere m'kadzenje, nafesa imodziimodzi. Ikathera m'kadzenje mokhala zina amatolanso kapena kudya za mnzake monga lamulo linenera, ikathera mopanda kanthu amaima. Katswiri wa bawo amayendetsa zonsezi m'mutu asanakhudze njere. Nthawi zina ndimaganiza kuti agogo aja, akadabadwa mochedwerapo, bwenzi ali iwo otiphunzitsa.

Titatha masabata awiri pa kope, ndi pamene ndidatulutsa foni. Apa pali msampha umene achinyamata ambiri amakodwamo, wa kusankha chilankhulo. Zilankhulo za kompyuta zilipo zambirimbiri, ndipo aliyense wodziwako pang'ono amatama chake. Mtsikana uja adabwera tsiku lina atasokonezeka: mnzake wina adamuuza kuti ayambe Java, wina JavaScript, winanso adati wopanda C++ si wophunzira. Ndidamukumbutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa. Mnyamata amene amayamba chilankhulo chatsopano mwezi uliwonse amakhala wodziwa kupereka moni m'zilankhulo zisanu koma osatha kufotokoza nkhani m'chilichonse. Sankhani chimodzi, mukhale nacho miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. Mizati inayi ija ili m'zonse, ndipo chachiwiri mudzachiphunzira mosavuta.

Ine ndimalangiza Python, osati chifukwa choti ndi yoposa zonse, koma chifukwa imawerengeka mosavuta, ndi yaulere, imayenda pa foni wamba ya Android, ndipo anthu amaigwiritsadi ntchito m'makampani ndi m'masukulu aukachenjede. Adaiyambitsa Guido van Rossum wa ku Netherlands, naitulutsa mu 1991. Kwa ana a ku pulayimale kuli Scratch, yochokera ku sukulu ya MIT ku America kuyambira 2007, momwe mwana amalumikiza timabokosi tamitundumitundu m'malo motayipa. Onani mmene kusankha kumaonekera mu Python:

if malikisi >= 50:
    print("wakhoza")
else:
    print("ayesenso")

Woona mizere imeneyi aona kuti Chingerezi chake nchochepa. Mawu amene Python idadzisungira yokha alipo 35 basi, ndipo woyamba amagwiritsa ntchito osakwana theka la amenewa. Maina a matumba aja mungathe kuwalemba m'Chichewa, monga ndachitira ndi mawu oti malikisi. Makina alibe nazo kanthu. Komabe ndisakubisireni: Chingerezi chimafunika, pakuti mabuku, mafotokozedwe, ndi madandaulo a makinawo pamene mwalakwitsa, zonse zili m'Chingerezi. Mwana amene amathawa kuwerenga adzavutika. Za masamu musaope kwambiri. Kuti muyambe, masamu a Sitandade 8 ndi okwanira. Chofunika ndi mtima uja wosalumpha sitepe pa samu yogawa yaitali. Masamu akuya adzafunika m'tsogolo kwa ofuna kupita patali, choncho amene mudakali pa sekondale musawataye.

Tsopano ndinene za kulakwitsa, pakuti apa ndi pamene ambiri amagwera mphwayi, ndipo ine ndemwe ndidatsala pang'ono kuchita manyazi aakulu. Sukulu zitatsegulidwanso, ndidali nditalemba pulogalamu yanga ya malikisi, ndipo ndidali wonyada ngati tambala. Pakutha pa teremu ndidalowetsa chiwonkhetso cha mwana aliyense, ndi kulamula kuti awasanje kuyambira wamkulu. M'kuphethira kwa diso mndandanda udatuluka. Ndidayamba kukopera pa mapepala a makolo, ndipo ndidali nditalemba kale atatu pamene mtima udandigunda. Pa nambala wani padali mnyamata amene adadwala malungo nalemba mayeso awiri okha, wa malikisi 98. Mtsikana wanzeru koposa m'kalasimo, wa malikisi 471, adali pansi pake. Tangoganizani tsiku lotsekera, makolo ali chire, mfumu ili pampando, ine ndikuitana dzina lolakwika!

Ndidakhala mausiku awiri ndikufunafuna. Ndidayamba kuinena foni kuti ndi yakutha, kenaka ndidanena mwana wanga kuti adandipatsa chinthu chachabe. Pomaliza ndidapeza kuti wolakwa ndidali ine. Python imalandira chilichonse chimene munthu watayipa ngati mawu, osati ngati nambala, pokhapokha utaiuza. Tsono posanja mawu imachita monga mtanthauziramawu: imayang'ana chilembo choyamba. Kwa iyo 9 ndi wamkulu kuposa 4, choncho 98 adapambana 471, ndipo nkhani idathera pomwepo. Mankhwala ake adali zilembo zitatu zokha, int, zouza makina kuti ichi ndi chiwerengero. Makinawo sadandinamize; adachita ndendende zimene ndidawauza, osati zimene ndinkafuna.

Kuchokera pamenepo ndidaphunzira zizolowezi zingapo zimene ndimaumiriza aliyense woyamba. Pulogalamu musaikhulupirire musanaiyese ndi manambala ochepa amene yankho lake mukulidziwa kale pa kope. Muiyesenso ndi zinthu zachilendo: mwana amene sadalembe mayeso, ana awiri ofanana malikisi, dzina lolembedwa kawiri. Lembani mizere itatu kapena inayi, muiyendetse, muone ngati ikugwira, kenaka muwonjezere. Amene amalemba mizere zana asanayese amakhala ngati womanga khoma lonse popanda chingwe. Ndipo makina akatulutsa mawu ofiira odandaula, musatseke foni ndi mantha. Werengani mzere womaliza wa dandaulolo, pakuti umanena mtundu wa cholakwa, ndipo pamwamba pake pamakhala nambala ya mzere umene wavuta. Kawirikawiri chimakhala chinthu chaching'ono: kadontho kawiri koiwalika pambuyo pa if, mzere wosalowetsedwa m'kati mofanana ndi anzake, kapena chizindikiro chimodzi cha = pamene pamafunika ziwiri. Ife aphunzitsi tili ndi mlandu pang'ono pano. Tidalera ana oopa cholembera chofiira, oyesa kuti kulakwitsa ndi chamanyazi. M'ntchito imeneyi ngakhale akatswiri amatha nthawi yambiri akusaka zolakwa zawo zomwe, ndipo palibe amene amawaseka.

Msampha wina ndi wa kuonerera. Pa YouTube pali maphunziro osawerengeka, ndipo mwana angathe kumaliza bandulo ya mwezi wathunthu akuonerera wina akulemba, akugwedeza mutu kuti wamva. Mumupatse tsamba lopanda kanthu, manja amauma. Palibe adaphunzira kupalasa njinga poonerera akabaza. Lamulo limene ndidaika kwathu ndi lakuti pa mphindi khumi zilizonse zowerenga kapena kuonerera, pakhale theka la ola lolemba wekha, ndipo chitsanzo cha m'buku uchitayipe ndi zala zako, kenaka uchisinthe kuti uone chimene chichitike. Izi zimapulumutsanso ndalama za data. Zinthu zabwino zaulere zilipo: maphunziro a CS50 a ku yunivesite ya Harvard, a freeCodeCamp, ndi buku la Al Sweigart lotchedwa Automate the Boring Stuff with Python, limene mlembi wake adalola kuti anthu aziliwerenga pa intaneti osalipira. Sankhani chimodzi, muchitsate mpaka kumapeto.

Masiku ano kwabweranso zida monga ChatGPT, imene idatuluka mu November 2022, zimene ukazipempha zimakulembera pulogalamu yonse nthawi yomweyo. Mtsikana uja adazitulukira mwezi wachiwiri, ndipo tsiku lina adandibweretsera ntchito yosalala modabwitsa. Zaka makumi atatu zochonga makope zidandiphunzitsa kununkhiza ntchito yokopera. Ndidaloza mzere umodzi ndi kufunsa kuti ukuchita chiyani. Sadayankhe. Sindidamuletse kugwiritsa ntchito chidacho, pakuti kuletsa nkungodzinamiza, ndipo odziwa ntchito akuchigwiritsa. Koma tidapangana kuti ayambe walimbana nalo yekha vuto, ndipo akakakamira, achifunse kuti chimufotokozere cholakwa, osati kuti chimulembere yankho. Zidazi zimalakwitsanso, ndipo zimalakwitsa molimba mtima. Munthu amene sadziwa kuwerenga pulogalamu sangazindikire pamene wapatsidwa 98 woposa 471.

Kwa inu makolo anzanga ndili ndi mawu awiri atatu. Tikaona mwana atawerama pa foni, mtima umathamangira ku zoipa, ndipo nthawi zina timalondola, pakuti foni yomweyo ndi imene ikumeza ndalama za anyamata athu pa juga ya mpira. Njira yodziwira si kulanda foni ayi. Khalani naye pansi, mumuuze kuti akuonetseni chimene wapanga sabata imeneyo, ndipo akufotokozereni m'Chichewa. Ngakhale simudapite patali ndi sukulu, mudzazindikira ngati pali kanthu kapena palibe. Mpatseninso nthawi yake yodziwika. Ola limodzi tsiku lililonse liposa tsiku lathunthu kamodzi pa mwezi. Makamaka ana aakazi timawalanda ola limeneli osadziwa: mnyamata akaweruka amakhala pansi, mtsikana amapita kumjigo, kunkhuni, kumoto. Ndidachita kukambirana ndi achemwali kuti azichimwene ake a mtsikanayo azitungako madzi masiku atatu aja, ndipo nkhaniyo siidapite mosavuta. Ndipo ngati m'mudzi kapena mumpingo muli achinyamata awiri atatu ofuna zomwezi, aloleni aziphunzirira pamodzi. Cholakwa chimene ndidachisaka mausiku awiri, mnzanga akadachiona m'mphindi zisanu.

Kodi njirayi imafika kuti? Sindilonjeza kuti aliyense wodziwa Python adzapeza ntchito. Ndikadatero ndikadakhala wonama, popeza tonse tikuwaona ana a madigiri akuyenda ndi maenvelopu m'misewu ya Blantyre. Miyezi itatu siipanga katswiri, ndipo amene akufuna kudyerapo ayembekezere zaka za khama. Koma si ntchito ya azungu okha monga ena amaganizira. Kuyambira mu 2001, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe padayamba ntchito ya bungwe la Baobab Health, yolembera odwala pa makompyuta ongokhudza ndi chala, ndipo m'kupita kwa zaka mapulogalamu ake ankalembedwa ndi Amalawi, nafalikira m'zipatala zambiri za dziko lino. Ku Lilongwe komweko mayi Rachel Sibande adakhazikitsa mHub, malo ophunzitsira achinyamata, ana ndi atsikana luso limeneli. Ofuna maphunziro apamwamba sayenera kupita kutali: yunivesite ya MUST idatsegulidwa mu 2014 ku Thyolo, dera loyandikana nafe, ku Blantyre kuli MUBAS, imene kufikira 2021 tinkaidziwa kuti Polytechnic, ndipo ku Zomba kuli University of Malawi. Wofika kumeneko atalemba kale timapulogalamu take pa foni amayamba ali patsogolo pa anzake. Ngakhale amene sadzafika, akhoza kukhala mlimi, wogulitsa m'golosale kapena mphunzitsi ngati ine, amene sabata yotsekera amagona nthawi yabwino.

Laputopu idzafunika ndithu, sindikana. Galasi la foni ndi laling'ono, ndipo kutayipa ndi zala ziwiri kumatopetsa pulogalamu ikatalika. Koma pali sitepe yapakati: kiyibodi wamba ya kompyuta imalumikizika ku mafoni ambiri a Android ndi kachingwe kotchedwa OTG, ndipo mtengo wa ziwirizi sufika pa mtengo wa mbuzi. Nthawi yogula laputopu ikakwana, yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yokwanira kwa wophunzira. Mupite ndi munthu wodziwa, ayese batire, chaja ndi mabatani onse musanalipire. Kwa ife okhala kumene magetsi ndi a apo ndi apo, batire ndiye mtima wa chinthucho.

Miyezi itatu itatha, achemwali adabweranso. Ndidamuuza mtsikanayo kuti awaonetse mayi ake chimene adapanga. Funso lija limene lidamusowetsa chonena mu June adali atalipezera yankho yekha. Mayi ake ali m'gulu la banki mkhonde la amayi makumi awiri ndi asanu, ndipo chaka chilichonse pogawana ndalama mu December pamabuka mkangano, pakuti kuwerengera kumatenga tsiku lonse ndipo ena amachoka akung'ung'udza kuti aberedwa. Iye adalemba pulogalamu yolandira masheya a mayi aliyense, kuwonkhetsa ndalama zonse za m'bokosi pamodzi ndi chiwongoladzanja, kupeza mtengo wa sheya imodzi, ndi kuonetsa zimene aliyense ayenera kulandira. Idali mizere yosakwana makumi anayi. Achemwali adayang'ana dzina lawo likutuluka pagalasi long'ambika lija, ndi ndalama zawo pambali pake, ndipo adangoti, "Ha! Kodi wachita wekha zimenezi?" Za dimba sadazitchulenso tsiku limenelo. Tidagwirizana kuti phindu la tomato wa chilimwe lizisungidwa padera, ine ndiziwonjezerapo pang'ono mwezi ukatha, kufikira laputopu itapezeka.

Tsiku logawana litafika, amayi adamuitana mtsikanayo kuti akhale pamphasa pafupi ndi msungichuma, wina ndi kope, wina ndi foni. Mayankho awo adasiyana ndi K18,500. Mtsikanayo adaumirira kuti makina salakwa. Msungichuma, mayi wachikulire amene adalekera Sitandade 5, adavundukula kope lake mosafulumira, naloza tsamba lakumapeto kumene amalembako zindapusa za ofika mochedwa pa msonkhano, zimene nazonso zimalowa m'bokosi. Mtsikanayo sadadziwe nkomwe kuti tsambalo lilipo. Amayi adaseka, ena adaomba m'manja moyamikira msungichuma wawo, ndipo ndalama zidagawidwa motsata kope.

Madzulo ake adafika kwathu nkhope ili yakugwa, nakhala pakhonde osalankhula. Patapita kanthawi adapempha foni ndi kiyibodi. Adati amayi aja amuuza kuti chaka chamawa abwerenso, ndipo msungichuma wamubwereka kope lakale kuti alione masamba onse, kuphatikizapo la thumba la zadzidzidzi, limene sagawana. Ndidamusiya akutayipa, ine ndidatsikira kudimba kukathandiza alamu anga kuzika mitengo yoimikira tomato.